Makalata Anu: Namasupuni Wafika Padamu

Tiyambe ndi bambo a ku Chikwawa, akufunsa ngati namasupuni angapangidwe manyowa. N'zotheka, bambo. Muvuuleni, aume kumtunda, kenaka musakanize ndi ndowe. Koma mulu wake usakhale m'mbali mwa mtsinje, mvula yoyamba idzamubwezera komwe munamuchotsa.

Mwana wasukulu wa ku Mangochi akuti, "Kodi kunyanja zamchere nakonso kuli zomera zobwera?" Ziliko, mwanawe. Ku Mediterranean kuli ndere yotchedwa Caulerpa taxifolia imene anthu ankakongoletsera matanki oweteramo nsomba. Inaoneka m'nyanja ku Monaco mu 1984 pakamalo kakang'ono, anangula a maboti ndi maukonde n'kuifalitsa mpaka ku Italy ndi ku Croatia.

Tsopano kalata iyi ndiye yandigwira mtima. Mayi a ku Zomba alemba kuti, "Ndinatola timitengo ta namasupuni ku Liwonde n'kuika padamu langa la nsomba chifukwa maluwa ake ndi okongola. Pano madzi sakuoneka, chambo chikufa."

Mayi anga, mayi anga! Kodi pulogalamu ino mumamvera? Sabata ndi sabata ndimanena pano kuti chomera ichi musamachinyamule. Kwawo ndi ku South America, ndipo ku Africa kuno chinafika momwemu, m'manja mwa anthu okonda maluwa. Madzi akakhala ndi ndowe kapena feteleza wokokoloka m'minda, pamasabata awiri okha chimatha kuchuluka kawiri. Chikaphimba damu, dzuwa sililowa, mizu ndi masamba akufa zimaolera pansi, mpweya m'madzi n'kutha. Chambo chanu chikubanika, mayi. Pansi pa masambawo ndiponso pobisala udzudzu ndi nkhono za likodzo.

Ndinapitapo pamudzi wina pomwe anyamata anavuula damu lonse n'kuvina kuti athana naye. Chaka chisanathe wabwerera. Njere zake zimagona m'matope zaka zoposa khumi, zikudikira.

Inu a m'mbali mwa Shire mukudziwa. Pitani pa baraji ya Kamuzu ku Liwonde nthawi ya dzinja mukaone zinyalala zimene makina amavuula kuti zisakatseke makina amagetsi ku Nkula ndi ku Tedzani. Tikamadandaula kuti magetsi azima, tizikumbukiranso zimenezi. M'ma 1990 anabweretsa anankafumbwe otchedwa Neochetina, amene amadya namasupuni yekha, ndipo anathandiza ndithu. Koma tizilombo timadya pang'onopang'ono, pomwe munthu amasamutsa chomerachi ulendo wa tsiku limodzi pa minibasi.

Asodzi, nanunso ndikubwerezanso: mukamachoka ku Malombe kupita kwina, kutumulani ukonde, uyanikeni, yang'anani pansi pa bwato.

Ndiye mayi, vuulani namasupuni yense ndi manja sabata ino, mumutenthe akauma, ndipo ngalande yotulutsa madzi muitchinge ndi sefa kuti anzanu akumunsi asalandire mlendoyu. Mwezi uliwonse muziyendera damu, kamene katuluke muzule kasanachite maluwa. Mundilembere pakatha miyezi itatu.