Aphunzitsi Amene Ankakonza Mayina a Akufa

Aphunzitsi ena atapuma pa ntchito, manja ankawayabwa. Moyo wawo wonse anali akuchonga makope a ana, ndipo diso lawo silinkalola chilembo cholakwika kudutsa. Mdzukulu wawo atawaonetsa kuti pa intaneti pali ntchito yongodzipereka, yotaipa zolembedwa zakale kuti anthu azitha kuzifufuza pa kompyuta, anaiwala ndi chakudya chomwe.

Anasankha mapepala a Freedmen's Bureau, nthambi imene boma la America linakhazikitsa mu 1865 kuti ithandize anthu pafupifupi 4 miliyoni omasuka ku ukapolo, n'kudzaitseka mu 1872. Makalaliki ake ankalemba pamanja mapangano a ntchito za m'minda, maukwati, olandira chakudya, odwala m'zipatala, ndi madandaulo a makolo olandidwa ana. Mapepalawa si wamba. Kalembera wa 1850 ndi wa 1860 sankalemba mayina a akapolo: ankaika dzina la mbuye wawo, m'munsi mwake zaka za munthu, kaya ndi mwamuna kapena mkazi, ndi mtundu wa khungu. Ambiri mwa akapolo akalewo anayamba kutchulidwa dzina m'kalembera wa boma mu 1870. Mdzukulu wa ku Atlanta kapena Chicago akamalondola makolo ake, njira imamuthera pa chaka chimenechi, ndipo mapepala a nthambi ija ndiwo amamudutsitsa. N'chifukwa chake kuyambira mu 2015 anthu oposa 25,000 anadzipereka kudzera pa webusaiti ya FamilySearch n'kutaipa mayina pafupifupi 1.8 miliyoni.

Lamulo la ntchitoyi n'lachidule: taipani zimene diso likuona, musakonze kanthu, ndipo pamene pakukanika kuwerengeka ikani chizindikiro cha funso. Aphunzitsiwo analiwerenga, koma silinawalowe mumtima. Kwa iwo chizindikiro cha funso chinali manyazi, kuvomera kuti kalaliki wa zaka zoposa 150 zapitazo wawagonjetsa.

M'kalembedwe ka nthawi imeneyo L wamkulu ndi S wamkulu amafanana kwambiri. Atakumana ndi Lemuel, dzina limene sanalizolowere, anataipa Samuel, poti ndilo lodziwika. Pamene kalaliki analemba do m'munsi mwa dzina la bambo, kutanthauza kuti mwanayu dzina lake n'lomwelo la pamwambapo, iwo anatenga mawuwo ngati dzina la banja, ana asanu n'kusanduka a kwa Do. Chimene chimandiwawa kwambiri ndi cha Cuffee. Limeneli ndi dzina lochokera kwa Aakani a ku Ghana, Kofi, la mwana wamwamuna wobadwa Lachisanu. Linawoloka nyanja m'sitima za akapolo, mabanja n'kulisunga mibadwo ingapo pamene chilankhulo chonse chinali chitatayika. Aphunzitsiwo anaganiza kuti kalaliki sankadziwa sipelo, analisintha kukhala Coffee, napitirira tsamba lina ali osangalala.

Mwina mukuti pajatu pamakhala wina wobwereza ntchitoyo. N'zoona, m'malo ambiri tsamba limaonedwanso ndi wodzipereka wachiwiri. Komatu nayenso ndi munthu, amatopa. Akaona chizindikiro cha funso amaima, n'kukulitsa chithunzi, n'kuyerekeza L ameneyo ndi ma L ena a kalaliki yemweyo pa tsambalo. Akaona Samuel wotaipidwa bwino, diso lake limavomereza lisanayang'ane n'komwe papepalapo. Kulota dzina n'koipa kuposa kulisiya, chifukwa kumatseka chitseko chimene wina akanalowera kudzathandiza.

Aphunzitsiwo sanali munthu woipa kapena waulesi. Ankadzuka m'mamawa, kugwira ntchito ya ulele, kukondwa poona chiwerengero cha masamba awo chikukwera. Chimene chinawakola ndi luso lomwe linawadyetsa zaka zonse. M'kalasi, kukonza ndi chikondi. Pa mapepala akale, ngakhale cholakwa cha kalaliki ndi umboni, chifukwa chimaonetsa mmene munthu ankatchulira dzina lake pakamwa, iye wosadziwa kulemba atayima patsogolo pa tebulo la mzungu.

Tsiku lina mayi wina anakhala pa kompyuta n'kutaipa dzina limene agogo ake ankalitchula asanamwalire: Lemuel. Kompyutayo siinkawerenga inki ya papepala. Inkafufuza mawu amene wodzipereka anataipa. Inayankha kuti palibe. Anayesa boma lina la dera lomwelo, anasintha chaka, koma palibe. Lemuel analipo ndithu, pa pangano la ntchito ya m'munda wa thonje, pamodzi ndi dzina la mkazi wake ndi la mwini munda amene kale anali mbuye wake. Mayiyo anauza abale ake kuti agogo ayenera kuti anasokoneza dzina chifukwa cha ukalamba, ndipo anasiya kufufuza.