Kusunga zithunzi ndi manotsi pafoni: zimene aphunzitsi ndi ophunzira amafunsa

Mwezi watha munaona pa intaneti chithunzi chomveka bwino cha mtima wa munthu, mitsempha yonse italembedwa mayina. Munachijambula pasikirini. Lero phunzirolo lafika, koma chithunzicho chamira pakati pa zithunzi za ukwati, malisiti a ndalama za pafoni ndi mauthenga odzutsana a m'magulu a WhatsApp. Mapulogalamu amene tikukamba pano anapangidwira vuto limeneli.

Kodi mapulogalamu amenewa ndi otani kwenikweni?

Alipo a mitundu iwiri. Oyamba ndi osungira zimene mwapeza pa intaneti, monga Pinterest, Padlet ndi Wakelet: mukasunga tsamba kapena kanema, amakuonetsani ngati kachithunzi, kuti muzizindikira ndi maso popanda kukumbukira dzina lake. Achiwiri ndi olembamo manotsi, monga Google Keep, OneNote ndi Evernote. Amenewa ali ngati kope losatha masamba, lomwe mungamatemo chithunzi, kujambuliramo mawu ndi kufufuzamo liwu lililonse limene munalemba.

Zikusiyana bwanji ndi kungojambula sikirini kapena kudzitumizira pa WhatsApp?

Chithunzi cha sikirini chimaiwala kwawo. Sichikuuzani tsamba limene chinachokera, amene anachilemba, ngakhale chifukwa chimene inu munachisungira. Pulogalamu yosungira imagwira linki pamodzi ndi chithunzicho, imakupatsani malo olembapo mawu anu, ndipo imasanja zinthu potengera mutu, pamene WhatsApp imangoziunjika potengera tsiku.

Pa Pinterest ndimaona mawu akuti pin ndi board. Amatanthauza chiyani?

Pinterest, imene inayamba mu 2010 ku United States, inatengera bolodi la zidziwitso lija limakhala pakhoma la sitafurumu. Pin ndi chinthu chimodzi chimene mwakhoma, kaya chithunzi kaya kanema, ndipo nthawi zambiri mukachidina chimakufikitsani patsamba limene chinachokera. Board ndi bolodi lenilenilo, pomwe mumasonkhanitsa mapini a mutu umodzi. Mungaliike poyera, mungalibise kuti muzilionera nokha, kapena mungaitane aphunzitsi anzanu kuti muzikhomapo limodzi.

Kodi amalipiritsa?

Pinterest ndi Google Keep ndi zaulere, ndipo OneNote yakhala yaulere kuyambira 2014. Malire ake ali pa malo osungira: akaunti ya Google imakupatsani 15 GB yogawana ndi Gmail, Drive ndi Photos, pamene ya Microsoft imapereka 5 GB pa OneDrive. Padlet yaulere imalola makoma atatu okha panthawi imodzi. Evernote inachepetsa kwambiri gawo lake laulere mu Disembala 2023, n'kusiya manotsi 50 ndi kope limodzi, zomwe mphunzitsi angadzaze teremu isanathe.

Chofunika n'chiyani kuti ndiyambe?

Foni kapena kompyuta yolowa pa intaneti, ndi imelo yomwe pasiwedi yake mukuikumbukira. Ngati foni yanu ndi ya Android, n'kutheka kuti akaunti ya Google muli nayo kale, ndipo ndi yomweyo imene imatsegula Keep.

Mwana wa ku pulayimale angatsegule akaunti yake?

Pinterest imafuna munthu wa zaka 13 kupita m'mwamba. Google nayo m'mayiko ambiri imaika zaka 13, ndipo wochepera apo amatseguliridwa ndi kholo kudzera pa Family Link. Si bwino kuuza mwana kuti aname chaka chobadwa. Kwa ana ang'ono, akaunti ikhale ya mphunzitsi, iwo azingoonetsedwa.

Nanga ndiyambe ndi iti pa yonseyi?

Ngati muli ndi foni yokha, yambani ndi Google Keep, chifukwa ndi yopepuka ndipo munthu amaizolowera tsiku limodzi. OneNote imayenerera amene ali ndi laputopu ndipo akufuna kusanja zinthu monga momwe silabasi ilili, poti imagawidwa m'makope, kope lililonse m'zigawo, chigawo chilichonse m'masamba. Pinterest ndi yosakira maganizo atsopano, monga njira zopangira zipangizo zophunzitsira kuchokera ku makatoni ndi zivindikiro za mabotolo. Kuyamba ndi zitatu nthawi imodzi n'kudzipatsa malo atatu osowetserako zinthu.

Tandiuzeni mwatsatanetsatane: chithunzi cha m'buku kapena cha pabolodi ndimachisunga bwanji mu Keep?

Tsegulani Keep, dinani chizindikiro cha + chimene chili m'munsi, sankhani chithunzi, kenako jambulani tsambalo mutaima powala. Lembani mutu nthawi yomweyo, mwachitsanzo "Biology F3: mtima", ndipo pansi pake muike chiganizo chimodzi chonena ntchito ya chithunzicho. Mukadina pachithunzicho n'kudinanso timadontho titatu ta m'mwamba, muona mawu akuti Grab image text, omwe amatulutsa zolembedwa za pachithunzi kuti zikhale mawu oti mungakonze. Zimayenda bwino pa zilembo zosindikiza. Za choko ndi za bolopeni zimafuna kuti muwerengenso ndi kukonza.

Chiganizo chimodzicho n'chofunikadi? Chithunzi sichidzifotokoza chokha?

Lero chikudzifotokoza, koma pakadzapita miyezi isanu mudzachiyang'ana ngati mlendo. Tiyerekeze chithunzi cha mtima chija: mutalemba kuti "ana amasokoneza apa, mbali ya kumanzere ya mtima imajambulidwa kumanja kwa pepala", ndiye kuti mwasunga phunziro, osati chithunzi chabe. Mawu omwewo ndi amene adzakuthandizeni pofufuza, chifukwa kulemba "kumanzere" pamalo ofufuzira kudzakutulutsirani notsiyo.

Ndingasanje bwanji kuti zisadzasokonekere?

Tsatirani sikimu yanu: phunziro, kalasi, mutu. Mu Keep mumagwiritsa ntchito timayina totchedwa label, ndipo notsi imodzi ikhoza kulandira timayina tingapo, kotero chithunzi cha kukokoloka kwa nthaka chingapezeke pa Geography komanso pa Agriculture popanda kuchisunga kawiri. Pewani mayina ngati "Zofunika" kapena "Zina ndi zina". Mabolodi otere ndi amene amadzaza msanga, ndipo mwini wake yemwe satsegulako.

Bandulo siitha msanga?

Manotsi a mawu okhaokha amadya data yochepa kwambiri. Chodya bandulo ndi zithunzi ndi makanema. Pinterest ndiyo imafuna kusamala, chifukwa zithunzi zake sizitha, mukamapitirira kutsika zimangobwerabe zina. Lowani mukudziwa chimene mukufuna, zimitsani makanema odziyambira okha, ndipo mukapeza zinthu zitatu kapena zinayi zabwino tulukani.

Kwathu netiweki imavuta. Zingagwirebe ntchito?

Keep ndi OneNote za pafoni zimalola kulemba ndi kuwerenga manotsi popanda netiweki, ndipo zimadzatumiza zosinthazo netiweki ikabwera. Pinterest ndi Padlet zimadalira intaneti. Chithunzi chimene mukufuna kukaphunzitsira mawa chidawunilodeni lero, muchimate mu notsi pamodzi ndi linki yake, kenako muzimitse data n'kuyesa ngati chikutsegukadi.

Sukulu yathu siilola mafoni, ndipo ophunzira ambiri alibe. Phindu lake lili pati?

Phindu lalikulu lili pa kukonzekera kwa mphunzitsi, osati pa foni m'manja mwa mwana. Chithunzi chabwino chimodzi mungachikopere pabolodi kapena pa tchati, kalasi yonse n'kupindula. Chaka chamawa simuyambiranso pachiyambi, chifukwa zitsanzo, mafunso ndi malo amene ana anavutika zonse zilipo. Mphunzitsi mnzanu akapatsidwa kalasi yanu mungamugawire bolodi lonse ndi linki imodzi.

Padlet imagwiritsidwa ntchito bwanji ndi kalasi?

Padlet, imene poyamba inkatchedwa Wallwisher, ndi khoma limene anthu ambiri amamatapo timapepala nthawi imodzi. Mphunzitsi amapanga khomalo, amalemba funso pamwamba, n'kugawa linki kapena QR code, ndipo angalole kuti ophunzira alembepo opanda akaunti. Imathandiza kwambiri ku koleji ndi pa maphunziro a patali, komwe ophunzira sakumana tsiku lililonse. Musanagawe linki, tsegulani gawo loti chilichonse chiziyamba chavomerezedwa ndi inu, chifukwa pagulu sipalephera wanthabwala.

Ndinamva za Class Notebook. Ndi chinthu china?

Ndi OneNote yomweyo yokonzedwera kalasi, ndipo ili ndi zipinda zitatu. Choyamba ndi choikamo mphunzitsi yekha, ophunzira amangowerenga. Chachiwiri ndi cha onse, cha ntchito za m'magulu. Chachitatu ndi kope la wophunzira aliyense, loonedwa ndi iye ndi mphunzitsi basi. Imafuna akaunti ya Microsoft yoperekedwa ndi sukulu, choncho funsani kaye ku ofesi yoona za makompyuta ngati sukulu yanu inalembetsa.

Kodi zonse zimene ndapeza pa Pinterest ndingaziphunzitse?

Ayi, chifukwa aliyense amaikapo, ndipo kukongola kwa chithunzi si umboni woti n'cholondola. Zambiri zimachokera ku America ndi ku Ulaya: tchati cha nyengo chidzakuonetsani chipale chofewa mu Disembala, pamene kuno ndi nthawi ya mvula ndi yopalira, ndipo miyezo ingakhale ya mainchi ndi Fahrenheit. Masiku ano kwachulukanso zithunzi zopangidwa ndi AI, zomwe zimatha kulemba mayina olakwika pa ziwalo zojambulidwa mwaluso. Dinani kuti muone kumene chachokera, ndipo chiyerekezeni ndi buku lovomerezeka musanapite nacho m'kalasi ya mayeso a MANEB.

Nanga eni zithunzizo sangadandaule?

Chithunzi kukhala pa intaneti sikutanthauza kuti chilibe mwini. Kusunga linki ndi kuonetsa kalasi n'kosiyana ndi kusindikiza zithunzi za ena m'kabuku kogulitsa, komwe kumafuna chilolezo. Ku Malawi nkhani zotere zimayendera lamulo la Copyright Act la 2016, ndipo bungwe loziyang'anira ndi COSOMA. Njira yosavuta ndi kusaka zithunzi za chilolezo cha Creative Commons, monga zambiri za pa Wikimedia Commons. Zilolezo zambiri zoterezi zimafuna kuti mutchule mwini wake, choncho lembani dzinalo mu notsi tsiku lomwe mwasunga.

Ndingaike zithunzi za ophunzira anga ndi ntchito zawo?

Nkhope za ana, mayina awo ndi malikisi awo zisapite pabolodi loonedwa ndi aliyense. Ngati mukufuna kusunga chimangirizo cholembedwa bwino kuti chidzakhale chitsanzo, jambulani pepala lokha mutaphimba dzina, ndipo mwini wake mumupemphe.

Ine ndine wophunzira. Ndasunga zinthu zambirimbiri, koma pamayeso sindikumbukira. Chalakwika n'chiyani?

Kudina Save kumapatsa mtima mpumulo ngati kuti mwawerenga, chonsecho mutu sunagwire ntchito. Kafukufuku wa Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke wa mu 2006 anaonetsa kuti patapita mlungu, ophunzira amene anadziyesa pokumbukira zimene anawerenga ankakumbukira zambiri kuposa amene anangobwereza kuwerenga. Choncho mukasunga chinthu, tsekani foni, lembani papepala zimene mwagwira, kenako tsegulani muone pamene mwaphonya. Zinthu khumi zimene mwazichita chonchi zikuthandizani kuposa mazana awiri amene mwangounjika.

Chabwino n'chiti, kulemba pamanja kapena kutaipa?

Mu 2014 Pam Mueller ndi Daniel Oppenheimer anapeza kuti olemba palaputopu ankakonda kukopera mawu a mphunzitsi liwu ndi liwu, ndipo sankachita bwino pa mafunso ofuna kumvetsa. Ofufuza ena atabwereza kafukufukuyu mu 2019 sanapeze kusiyana kwakukulu, kotero nkhaniyi si yoti cholembera chili ndi mankhwala. Chachikulu ndi kufupikitsa m'mawu anuanu. Ambiri zimawayendera akalemba m'kope m'kalasi, madzulo n'kujambula tsambalo ndi kuliikira mutu mu pulogalamu.

Ilipo njira yodziwika yokonzera manotsi imene ndingatsatire?

Yotchuka ndi ya Cornell, imene Walter Pauk anakonza ku Cornell University m'zaka za m'ma 1950. Tsamba limagawidwa patatu: kumanja manotsi, kumanzere kadanga kochepa kolembamo mafunso, m'munsi chidule cha ziganizo ziwiri kapena zitatu. Mu OneNote mungajambule tebulo la magawo awiri. Mu Keep lembani funso ngati mutu, yankho mulitsitse m'munsi kuti lisaonekere. Pobwereza, werengani funso, yankhani mokweza, kenako onani.

Foni ikabedwa kapena kugwera m'madzi, manotsi anga apita?

Ngati anali atatumizidwa kale ku akaunti yanu, mudzawapeza mukalowa pa foni ina ndi imelo ndi pasiwedi yomweyo. Otayika ndi okhawo amene munalemba popanda netiweki ndipo anali asanatumizidwe. Ambiri amataya manotsi chifukwa akaunti anawatsegulira ndi wogulitsa foni, pasiwedi osaidziwa, choncho isintheni lero ndipo muilembe malo obisika. Notsi imene mwafufuta mwangozi mu Keep imakhala m'bini masiku 7 isanafufutikiretu.

Nanga kampani yake ikatseka pulogalamuyo?

Zimachitika, ngakhale kwa makampani akuluakulu: Google inatseka Jamboard kumapeto kwa 2024, ndipo Mozilla inatseka Pocket mu Julayi 2025, anthu n'kupatsidwa nthawi yochepa yochotsa zawo. Teremu ikamatha, tulutsani zanu: za Keep zimatuluka kudzera pa Google Takeout, pamene masamba a OneNote ndi makoma a Padlet mungawasandutse PDF. Mafayilowo aikeni pa fulashi kapena pa memori khadi, ndipo mutsegule imodzi kapena ziwiri kuti muone ngati zithunzi zatulukamo musanaike fulashi kapena khadiyo m'dirowa.