Chetechete Sautsa Nyama

Anzathu a m'makalabu, tikamacheza ndi achinyamata ku Old Town kapena ku Area 47, timamva nkhani zimene sizifika kwa akuluakulu: wina analalatiridwa pamzere wa ma ARV, wina chinsinsi chake chinaululidwa. Ambiri amangosiya kupita kuchipatala. Bokosi la madandaulo likakhala lopanda kanthu, mabungwe amaganiza kuti zonse zili bwino, chonsecho anthu akuopa.

Phunziro la stavudine

Kwa zaka zambiri ma ARV ogawidwa m'Malawi anali ndi mankhwala otchedwa stavudine. Ankapulumutsa moyo, koma ena ankaphwa masaya ndi matako, mapazi n'kumachita dzanzi. Ambiri ankavutikira mumtima poopa kuoneka osayamika. M'chaka cha 2012, amayi omwe ali ndi kachilombo ka HIV anasonkhana mu Lilongwe n'kufotokozera Pulezidenti wa nthawiyo, Mayi Joyce Banda, mavutowa. Mu 2013 boma linayamba kusinthira onse ku mankhwala a tenofovir. Panafunikanso ndalama ndi umboni wa madokotala, koma mawu a amayiwa anamveka chifukwa analankhula pamodzi.

Tikadandaule kuti?

Poyamba tilembe tsiku, malo ndi zimene zinachitika. Tikatero tikaonane ndi mkulu wa pachipatalapo, kapena Ombudsman wa chipatala. Udindowu unakhazikitsidwa mu 2018. Zikakanika, tipite ku Ofesi ya Ombudsman ku City Centre, yomwe imamva madandaulo okhudza ntchito za boma kwaulere. Tikumbukire kuti lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu kapena kuulula zotsatira za magazi ake popanda chilolezo, kupatula pamene lamulolo lalola.

Bungwe labwino limamvetsera kaye, limasunga chinsinsi cha wodandaula, ndipo limam'bwezera yankho. Bungwe lofooka limathamangira kufunsa kuti, “Wanena zimenezi ndani?”

Nanga kalabu yathu?

Nafenso ndife bungwe. Mnzathu akajomba katatu, tisamunene kuti ndi waulesi. Mmodzi wa ife akamuyendere n'kumufunsa paseri. Mwina nthabwala zathu zomwe ndi zimene zinamuthamangitsa.

Mafunso okambirana

1. Ndi mavuto ati amene timangonong'onezana osawatula pamsonkhano?
2. Wina atadandaula za wapampando wathu, angauze ndani?
3. Dandaulo lomaliza limene tinalandira tinaliyankha bwanji?