Gitala ili kwa mnzanu, mutu muli nawo

Kalata ya mlungu uno yachokera ku Chembe. Wolembayo masana amayendetsa boti lonyamula alendo kupita ku chilumba cha Thumbi, ndipo Lachisanu ndi Loweruka usiku amaimba gitala m'bandi pa loji ina ya m'mbali mwa nyanja. Gitalayo ndi imodzi, amabwerekana anthu atatu, moti kwa iye imafika kawiri pa mlungu zikayenda bwino. Mwini loji wayamba kudandaula kuti nyimbo n'zomwezomwezo. Wolembayo akufunsa kuti zatsopano aziphunzira bwanji chida alibe.

Achimwene, nthawi muli nayo, kungoti simukuiwerengera. Alendo akatsikira m'madzi kukaonerera mbuna, inu mumatsala m'boti mukuyang'ana nkhwazi. Nthawi imeneyo ndi ya pulakatisi.

Musaganize kuti ndikukunyengererani. Mu 1995, dokotala wa za ubongo Alvaro Pascual-Leone ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anachita ku America. Anatenga anthu osadziwa piyano n'kuwapatsa kanyimbo ka zala zisanu za dzanja limodzi. Ena ankakaimba maola awiri pa tsiku kwa masiku asanu. Ena ankangokhala patsogolo pa piyanoyo kwa maola omwewo, kukaimba m'maganizo, zala zili duu. Atawayeza, mbali ya ubongo yolamula zala inali itasintha mofanana m'magulu onse awiri. Pakaimbidwe oganiza okhawo anatsalira, koma atawapatsa maola awiri okha ogwiradi piyano, anawapeza anzawo aja.

Mfundo yomalizayi muigwiritse. Kuyeserera m'mutu sikulowa m'malo mwa gitala. Kumangochititsa kuti gitala ikabwera, ola limodzi likupindulireni kwambiri.

Ambiri amalakwitsa apa. Amatseka maso n'kumadziona ali pa siteji ya chikondwerero cha Lake of Stars, anthu akuwomba m'manja. Kumeneko n'kulota, ndipo zala sizitolapo kanthu. Musadzione ngati muli pa kanema. Khalani m'thupi mwanu momwemo: khosi la gitala lili m'dzanja lamanzere, chala chamkombaphala chapanikiza nsambo yachiwiri, chapakati chili apo, dzanja lamanja likukhwatcha kutsika ndi kukwera. Mumve nsambo ikuluma nsonga ya chala. Mumve kulira kwake. Allan Namoko wa ku Thyolo, uja wa Chimvu Jazz Band, anali wosaona, koma banjo yake inkamveka pa wailesi dziko lonse. Sankaona zala zake zikuyenda. Khutu ndi khungu n'zimene zinkamulondolera, ndipo n'zomwezo zimene muyenera kudzutsa muli m'botimo.

Tengani kagawo kakang'ono, vesi imodzi, kapena pongochoka pa G kupita pa D basi. Kayendetseni m'mutu pang'onopang'ono, phazi likugunda pansi kuti musathamange, chifukwa maganizo ndi akamberembere, amadumpha povuta n'kukafika pa kolasi msangamsanga. Mukamayenda choncho mufika pena pamene chithunzi chizimirira, osadziwanso kuti kachala kakang'ono kapita pati. Imani pomwepo. Malo amenewo ndi omwe mumaphonya pa loji, anzanu n'kukucheukirani. Alembeni m'foni kapena pakapepala. Tsiku la gitala musayambe ndi nyimbo imene mumaikonda ija. Yambani ndi pakapepalapo.

Mphindi khumi zikwana. Mutu umatopa msanga kuposa zala, ndipo ukatopa umayamba kukumbukira ngongole ya mafuta a injini.

Chenjezo ndi ili: zimene zala sizinalaweko, mutu sungaziyeserere bwino, ndipo mukaloweza cholakwika mudzachiimba molimba mtima pamaso pa anthu. Choncho nyimbo yatsopano iyambe ikakhala kuti gitala ili m'manja, ngakhale kwa mphindi zochepa, mpaka mutadziwa chala chilichonse popita. Mvetseraninso nyimboyo pa foni kangapo musanakwere boti. Kuyeserera kwa m'mutu kubwere pambuyo.

Yesereraninso zovuta za pantchito penipeni. Magetsi athima nyimbo ili pakati: mupitiriza bwanji? Nsambo yaduka, poti chinyontho cha kunyanja kuno chimazidyetsa dzimbiri ndipo zatsopano sizigulitsidwa pa golosale ya m'mudzi: vesi yotsalayo muimaliza ndi zala ziti? Mlendo wakhuta mowa, waima patsogolo panu akufuula kuti mumuimbire za Bob Marley: mumuyankha chiyani osasiya kukhwatcha? Woimba amene zinthuzi anaziganizirapo kale sanjenjemera zikachitika. Ine ndimaona kuti apa m'pamene kuyeserera kwa m'mutu kumaposa kwa m'manja, pakuti palibe amene angadule dala nsambo yabwinobwino kuti aphunzirirepo.

Zonsezi muzichita boti litaima ndipo alendo mukuwaona onse, kapena m'mamawa musanatsikire kudoko. Maso musatseke muli pamadzi. Injini ikalira, makamaka miyezi ya mwera, nyimbo muisiye kaye.

Mwini lojiyo musamulonjeze nyimbo khumi. Muuzeni kuti mubweretsa imodzi yatsopano mlungu uliwonse, kenaka mumupemphe kuti Lachisanu muzifika ola limodzi alendo asanakhale pa chakudya, muziyeserera pakona ndi gitala ya bandiyo. Mukamaliza, pukutani nsambo ndi kansalu kouma musanaipereke kwa mnzanu.