Kuwala Kumene Kufufuza Osavulaza: Mayankho a Makalata Anu

Popeza makolo anati safunsa anadya phula, tiyamika inu amene mwatilembera. Ndipo lero makalata atatu akumana pa nkhani imodzi, ndiyo njira yoyezera zinthu ndi kuwala, yotchedwa Raman spectroscopy.

Aphunzitsi ena a ku Dedza afunsa kuti: "Kodi kuwala kungadziwe bwanji za m'kati mwa magazi kapena mnofu?"

Aphunzitsi, kuwala kwa mtundu umodzi kukagwera pa chinthu, pafupifupi konse kumabwerera monga kunadzera. Koma kachigawo kochepetsetsa, ngati kamodzi mwa zigawo 10 miliyoni, kamasinthana mphamvu ndi tizidutswa ta chinthucho, timene tinjenjemera kosalekeza, ndipo kamatuluka katasintha mtundu pang'ono. Tsono popeza mapuloteni, mafuta ndi DNA zinjenjemera chilichonse mwa njira yakeyake, kusinthako kumakhala ngati chidindo cha chala, chosafanana ndi cha mnzake. Amene anaona ichi ndi C. V. Raman pamodzi ndi K. S. Krishnan ku Calcutta m'chaka cha 1928, ndipo Raman analandira mphoto ya Nobel mu 1930. Koma njirayi inakhwima laser itapangidwa mu 1960, pakuti kuwala kofooka chotere kufuna muuni wamphamvu. Ofufuza za moyo aikonda chifukwa madzi, amene adzaza thupi lonse, saisokoneza kwambiri, kotero kuti selo lingayezedwe lili lamoyo, osalipaka utoto kapena kuliwononga.

Anamwino a ku Zomba akuti: "Tamva kuti njirayi ithandiza pa khansa. Kodi nzoona?"

Indedi, amayi, makamaka pa opaleshoni ya ubongo, pamene dokotala ayenera kudziwa msanga mtundu wa chotupa ndi pamene chalekezera, kuopa kusiya matenda kapena kudula mnofu wabwino umene munthu alankhula nawo kapena kuyenda nawo. Mwa chizolowezi, kachidutswa kamatumizidwa kwa akatswiri oyeza mnofu, wodwala ali chigonere pa tebulo mphindi 20 kapena 30. Koma mu 2020 madokotala a yunivesite ya Michigan ndi anzawo anaonetsa kuti chithunzi chojambulidwa ndi kuwala kwa Raman, kompyuta itachiwerenga, chitchula mtundu wa chotupa pasanathe mphindi zitatu, molondola ngati akatswiri aja. Komabe makinawo ndi a mtengo wapatali, ndipo mnofu wina uli ndi kuwala kwakekwake kumene kuphimba chizindikiro chofunikacho. Nchifukwa chake sanafike m'zipatala zambiri, ngakhale za mayiko olemera.

Abambo ena a ku Chikwawa alemba kuti: "Nanga ife osautsidwa ndi malungo tipindulanji?"

Abambo, kachilombo ka malungo kakalowa m'maselo ofiira a magazi, kamadya hemoglobin ndi kusiya timibulu takuda totchedwa haemozoin, timene tiyankha kuwala kwa Raman momveka bwino. Ofufuza a yunivesite ya Monash ku Australia alondola timibuluti motero m'selo limodzilimodzi, ndipo nzeruyi ithandiza kumvetsa mankhwala onga chloroquine, amene aletsa kachilomboko kuumba timibuluto. Phindu lina lili pa mankhwala achinyengo, amene apha mwakachetechete: bungwe la NAFDAC la ku Nigeria lagwiritsa ntchito timakina ta Raman ta m'manja, timene tiyeza piritsi lili chikhalire m'chikuto chake choonekera, ndi kuulula ngati mulidi mankhwala kapena ufa wachabe.

Ngakhale zili tero, abambo, fodya wako ndiye ali pamphuno. Mwana akatentha thupi, musalindire makina akutali. Pitani naye tsiku lomwelo kuchipatala, kumene kadontho ka magazi a pachala kadzapereka yankho, ndipo mankhwala mulandire kwa ovomerezedwa okha. Makalata otsalawo tidzawayankha sabata yamawa. Tsalani mu mtendere.