AKULU NDI ANYAMATA PA NCHITO IMODZI

Kuwerenga: Ezara 3:8-13, 1 Mafumu 12:1-16.

Pamene Ayuda anabwerako ku ukapolo wa ku Babulo, anayamba kumanganso Kacisi wa ku Yerusalemu, ndipo Alevi a zaka 20 ndi oposerapo ndiwo anaikidwa kuyang'anira nchitoyo. Tsiku loika maziko anthu ambiri anapfuula ndi cimwemwe, koma nkhalamba zimene zinaona Kacisi wa Solomo zinalira kwambiri. Onsewo anaona maziko amodzimodzi. Cimene cinawasiyanitsa ndico zimene anaziona kale.

Momwemonso m'dziko la Mfumu Magodi, kumpoto kwa Lundazi, mibadwo itatu ikumana pa munda wa mpingo ndi poumba njerwa za nyumba ya mapemphero, ndipo kawirikawiri sigwirizana.

Mbadwo woyamba unalima m'masiku a NAMBOARD, bungwe la Boma logula mbeu, limene linayamba mu 1969 ndi kutha mu 1989. Pamenepo Boma ndilo linali kuika mtengo wa cimanga. Anthu awa anazolowera kuti nchito iyenda ndi lamulo la mkulu, ndipo mwana sayankha atate ace pa bwalo.

Mbadwo waciwiri unatenga khasu citapita caka ca 1991, pamene Boma linamasula malonda a mbeu. Iwo anaphunzira kutsutsana mtengo ndi ogula, ndi kulandira mbeu ya thonje pangongole. Kuyambira mu 2002 ambiri analembetsa m'magulu a alimi kuti alandire feteleza wocepa mtengo. Cifukwa cace safulumira kukhulupirira lonjezo, koma afuna kuona cipepala.

Mbadwo wacitatu ndiwo anyamata ndi asungwana a lero, amene afunsa mtengo wa soya ndi mtedza pa foni, natumiza ndalama pa foni yomweyo. Iwo afuna kudziwa cifukwa cace asanagwire nchito, ndiponso kuti cuma ca mpingo ciwerengedwe poyera.

Tsono mkulu amva funso la mnyamata nati ndi mwano. Mnyamata aona kucedwa kwa mkulu nati tsobola wakale sawawa. Mapeto ace anyamata aleka munda wa mpingo, ena napita ku Chipata kapena ku Lusaka, ndipo khasu litsala m'manja a agogo.

Mankhwala ace ndiwo kufufuza msanaweruze. Akulu a mpingo asankhe anthu awiri, wacikulire mmodzi ndi wacinyamata mmodzi, kuti ayende pamodzi m'midzi nafunse amuna ndi akazi a mibadwo yonse mafunso atatu awa. Nchito munaiphunzira kwa yani? Cimene cikupwetekani mtima pogwira nchito ndi anzanu nciani? Mudziwa ciani cimene enawo sacidziwa? Mayankho alembedwe popanda maina, nawerengedwe pa msonkhano. Pamenepo kudzaoneka kuti nkhalamba idziwa dambo losaphwa madzi ndi mbeu yopirira cirala, ndi kuti msungwana adziwa kusunga buku la ndalama.

Rehobiamu anafunsa mbali zonse ziwiri, koma anangomvera anzace okula nao, ndipo mafuko khumi anamcokera. Kufunsa kopanda kumvera sikupulumutsa nchito. Pa Ezara, okalamba sanaletsa anyamata kuyang'anira, ndipo anyamata sanatontholetsa okalamba. Kacisi anatha kumangidwa. Zoonadi mutu umodzi susenza denga.

Mafunso a m'kalasi:

1. Cifukwa ninji nkhalamba zinalira poona maziko?
2. Rehobiamu analakwa potani, popeza anafunsa uphungu?
3. Pa mpingo wanu, ndi nchito iti imene wacinyamata angaiyang'anire caka cino, ndipo ndi mkulu uti amene adzaima pambali pace?