Phunziro 17: Mphutsi m'chikopa cha nyama

Mawu a lero

mphu-tsi
ntche-ntche
chi-ko-pa
ka-lu-lu
u-kho-ndo

Tiwerenge

Dzuwa latentha. Mvula yoyamba yagwa. Tadzala chimanga ndi mtedza m'munda wa koperativa. Mbewa, abwampini ndi akalulu nawonso afika. Ena akufukula mbewu, ena akudya zomera. Ife titchera misampha ndi madiwa. Tikatero tateteza munda, ndiponso tapeza ndiwo.

Tsiku lina msampha wathu unakola kalulu wonenepa. Posenda tinapeza zotupa 3, chimodzi pamimba, ziwiri m'miyendo. Chotupa chilichonse chinali ndi kabowo pakati. Titafinya, munatuluka mphutsi yoyera, yamoyo.

Pomwepo mkangano unabuka. Mkulu wina anati, "Tayani! Nyama iyi ndi yotumidwa." Mayi wina anati, "Titaye bwanji, Bambo? Ana adya masamba okhaokha sabata yonse." Mnyamata wina anafunsa kuti, "Nanga tikadya, mphutsi sizikakula m'mimba?"

Mafunso awa ndi a tonsefe. Tikataya nyama yabwino, ana agona osadya ndiwo. Tikadya nyama yoipa, tidwala ndipo khasu ligona. Tsono tiyeni tiidziwe mphutsi imeneyi.

Mphutsi ichokera kuti?

Mphutsi siichokera kwa mfiti. Ndi mwana wa ntchentche. Ntchentche yake si ija ya m'nyumba ayi. Iyi ndi yofiirira, yonkera kuchikasu. Siiluma. Imauluka m'mamawa ndi madzulo, masana imabisala pamthunzi. Imachuluka nyengo yotentha ndi ya mvula.

Ntchentche iyi siikira mazira pathupi pa nyama kapena pa munthu. Imaikira pamchenga wouma wa pamthunzi, makamaka pamene pali fungo la mkodzo kapena chimbudzi. Imaikiranso pa zovala zachinyezi zimene tayanika pansi kapena pamthunzi. Ntchentche imodzi imaikira mazira 100 mpaka 300.

Pakapita masiku 1 mpaka 3, mazira aja amaswa. Timphutsi take ndi tating'ono, tovuta kuona ndi maso. Timadikira m'dothi, ndipo tingathe kukhala masiku oposa 9 osadya kanthu. Nyama ikagona pamenepo, timakwera ndi kuboola khungu.

M'khungu mphutsi imadya ndi kukula kwa masiku 8 mpaka 12. Kabowo kaja ndi kopumira. Ikakhwima imatuluka yokha, nigwa pansi, nilowa m'dothi. M'menemo imauma kunja ngati kambewu, kenaka imatuluka ili ntchentche. Ntchentcheyo iikiranso mazira. Ulendo wayambanso.

Kutchire mphutsi izi zimakonda makoswe, mbewa ndi zinzake zokhala m'mauna. Pamudzi zimakonda agalu, makamaka ana agalu. Zimalowanso munthu.

Kodi nyama yake tidye?

Eya, tingadye, ngati nyamayo inali yamoyo ndi yamphamvu pamene tinaigwira. Mphutsi iyi imakhala pansi pa chikopa. Siilowa mkati mwa mnofu, ndipo siikhala m'mimba mwa munthu. Moto umaipha. Koma tichite izi:

1. Tisende nyama msanga, tichotse matumbo.
2. Tiyang'ane pamimba, m'miyendo ndi kumchira.
3. Tidule ndi mpeni malo onse otupa, pamodzi ndi kamnofu kozungulira.
4. Mphutsi ndi zodulazo tiziponye pamoto. Tikaponya pabwalo, mphutsi yokhwima ilowa m'dothi ndi kusanduka ntchentche pakhomo pathu pomwe.
5. Tiphike nyama mpaka ipse bwino, kapena tiithire mchere ndi kuiwamba pamoto iume.
6. Tisambe m'manja ndi sopo, titsukenso mpeni.

Nyama yoyenera kutaya

Pali mphutsi zina. Izi ndi za ntchentche zobiriwira, zimene zimatera pa nyama yakufa. Sizikhala m'chotupa imodziimodzi ayi. Zimakhala zambirimbiri pa mnofu, m'kamwa kapena pabala. Kukatentha, mazira ake amaswa lisanathe tsiku. Mphutsi zotere zikutiuza kuti nyama yakhalitsa ndipo yayamba kuwola. Nyama yonunkha, yoterera, yosintha mtundu tiikwirire pansi. N'chifukwa chake misampha tiziyendera m'mamawa uliwonse.

Nyama yotola yofa yokha, kapena yoyenda mofooka osathawa munthu, tisadye ndipo tisaigwire ndi manja. Makoswe ndi mbewa zingathe kunyamula mliri woopsa. Khoswe akafa, nthata zake zimachoka ndi kukaluma anthu. Mu 1994 mliri umenewu unadwalitsa anthu ku Mutarara, m'chigawo cha Tete. Tikaona makoswe akufa okha ambiri m'mudzi kapena m'munda, tikanene kuchipatala tsiku lomwelo.

Mphutsi yomweyi ilowa ana athu

Apa ndiye timvetsetse, abale. Mphutsi ya m'chikopa cha kalulu ndi yomwe ija timaipeza pamsana ndi m'matako a mwana. Mwana saitenga podya nyama. Amaitenga pogona pamchenga kumene kumagona agalu, kapena povala malaya ndi matewera amene ali ndi mazira.

Poyamba pamatuluka kachiphuphu koyabwa. Pakapita masiku kamakula ngati chithupsa, kokhala ndi kabowo pakati. Mwana amalira, satha kugona. Wamkulu amamva kanthu kakugwedezeka mkati.

Tisatumbule ndi minga kapena lezala. Mphutsi ikaphulikira mkati, bala limatupa ndi kuchita mafinya. Njira yake ndi iyi: tipake vazelina wambiri pa kabowo. Mphutsi isowa mpweya, iyamba kusuzumira kunja. Pamenepo tifinye pang'onopang'ono m'mbali mwa chotupa mpaka ituluke yathunthu. Titsuke bala ndi sopo ndi madzi owiritsa, timange ndi kansalu koyera.

Ngati chotupa chili pafupi ndi diso, ngati zotupa zachuluka, ngati mwana ndi wakhanda kapena watentha thupi, tisayese tokha. Tipite naye kuchipatala.

Tingachite chiyani pamodzi?

Banja limodzi likasesa, koma anzake osasesa, ntchentche sizitha. Ntchito iyi ifuna mudzi wonse, monga momwe timalimira munda wa koperativa.

Zovala tiyanike pachingwe, padzuwa lenileni, mpaka ziume gwa. Tisayanike pansi, paudzu kapena pamthunzi. Amene ali ndi simbi asite zovala kunja ndi mkati, makamaka matewera ndi m'misoko. Kutentha kwa simbi kumapha mazira. Simbi imodzi ya makala ingathe kuthandiza mabanja angapo ngati tigwirizana.

Ana agone pamphasa yoyera, osati padothi. Banja lililonse likhale ndi chimbudzi. Tisese pamene pamagona agalu, ndipo tiziwayang'ana pamimba ndi m'zala. Mwana wa galu akagwidwa mphutsi zambiri amafooka, mwina kufa kumene. Tilambulenso kuzungulira nkhokwe kuti makoswe asowe pobisala.

Kalulu uja tinamudula malo otupa, mphutsi tinaziponya pamoto. Nyama inapsa bwino ndipo ana anadya. M'mawa mwake mkulu uja anakayang'ana galu wake, napeza zotupa zomwezo pamimba. Anaseka nati, "Kani mfiti yake ndi ntchentche!" Madzulo anamanga chingwe choyanikira zovala za adzukulu ake.

Tikambirane

1. Kodi ntchentche iyi imaikira kuti mazira ake?
2. N'chifukwa chiyani mphutsi tiziponye pamoto, osati pabwalo?
3. Kodi mphutsi ya m'chotupa isiyana bwanji ndi mphutsi za pa nyama yowola?
4. M'mudzi mwathu muno, ndi malo ati amene ntchentche iyi ingaikire mazira? Tidzasesa liti, ndipo atsogolera ndani?

Tilembe

Tikopere m'makope mwathu ziganizo izi, tidzaze mawu osowa:

Mphutsi ndi mwana wa ..........
Zovala tiyanike pa .......... osati pansi.
Nyama yofa yokha ..........

Tiwerengere

Ntchentche 3 zaikira mazira 200 iliyonse. Mazira onse ndi angati?

Misampha yathu yakola akalulu 12. Mwa iwo 4 anali ndi mphutsi. Opanda mphutsi ndi angati?

Tiwerenge tonse mokweza

Mphutsi si ufiti. Mphutsi ndi mwana wa ntchentche.
Tidziwe mdani wathu, titeteze ana athu.
Ukhondo ndi ntchito ya tonse!